Mantha a m'Kanema ndi Mantha a m'Mudzi

Mwezi wa October ndiwo mwezi wa dzuwa loswa mtengo ku Mulanje. Anthu ali pa ntchito ya kusosa ndi kupanga mizere poyembekeza mvula yoyamba, ndipo madzulo akhalitsa pabwalo chifukwa m'nyumba simukhalika ndi kutentha. Mwezi womwewo ku maiko a Azungu masamba ayoyoka m'mitengo, usiku uyamba kutalika, ndipo pa tsiku lotsiriza, pa 31 October, anthu achita mwambo wao wotchedwa Halloween. Ana abvala zigoba kumaso ndi nsaru zoopsa, nayenda khomo ndi khomo kupempha maswiti. Akuru asema maungu kuti aoneke ngati mitu ya anthu, naikamo nyali. Ndipo m'mizinda yambiri eni nyumba za kanema asonkhanitsa mafilimu oopsa okhaokha, nawaonetsa masiku angapo motsatizana monga chikondwerero.

Mwambo umenewu unachokera ku Ireland ndi ku Scotland. Kalekale anthu a kumeneko anali ndi phwando lotchedwa Samhain, lotsekera nyengo ya masika ndi kutsegulira nyengo ya chisanu, ndipo anakhulupirira kuti usiku umenewo akufa ayenda pafupi ndi amoyo. Mpingo utaika tsiku la Oyera Mtima Onse pa 1 November, usiku wa dzulo lache unatenga dzina la Halloween. Mlakatuli wa ku Scotland, Robert Burns, analemba za masewero a usiku umenewo m'chaka cha 1785, ndipo anthu amene anasamukira ku America m'zaka za m'ma 1800 anapita nao mwambowo, nukula kumeneko. Amishoni a Church of Scotland amene anayamba Mulanje Mission anaudziwa mwambo umenewu kwao. Koma zimene zinamera mizu patsinde pa phiri ndizo tchalitchi, sukulu ndi chipatala. Halloween inatsala kutsidya kwa nyanja.

Kuno kumwera kwa Africa, chikondwerero chodziwika cha mafilimu oopsa ndi South African HorrorFest, chimene chinayamba m'chaka cha 2005 mu mzinda wa Cape Town, ndipo zaka zambiri chachitikira m'nyumba yakale ya kanema yotchedwa Labia Theatre pa nyengo yomweyi ya Halloween. Munthu wopita kumeneko agula tikiti pakhomo. Ena afika atadzipaka nkhope ngati mitembo, anzao nawaseka ndi kuwajambula. Nyali zikazima, onse akhala chete kuonera mizukwa, opopa magazi ndi akupha anthu; wina akuwa, wina abisa nkhope, ena aseka kukuwa kwa mnzao. Masiku ena aonetsa mafilimu akale opanda mau, oimba ali pomwepo kuwaimbira zing'wenyeng'wenye. Filimu ikatha nyali ziyakanso, anthu aomba m'manja, naturuka kukadya chakudya chamadzulo akukangana kuti filimu yoopsa koposa inali iti.

Wophunzira uphunzitsi akhoza kufunsa kuti zonsezi zimkhudza bwanji iye, amene adzaima pamaso pa ana a Sitandade 4 ku Chisitu kapena ku Limbuli. Zimkhudza pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ana amenewo aona kale mafilimu oopsa m'timanyumba ta kanema ta pa misika ndi pa mafoni a akuru ao, ngakhale sanamvepo dzina la Halloween. Chachiwiri, boma la Mulanje laona ndi maso chimene nkhani ya opopa magazi ichita ikatuluka m'kamwa mwa anthu ndi kulowa m'manja mwao. Nkofunika tsono kusanthula chimene chisiyanitsa nkhani yoopsa imene anthu aiombera m'manja ndi nkhani yoopsa imene iphetsa munthu. Kusiyanako sikuli pa kuchuruka kwa magazi kapena kuipa kwa chirombo. Kuli pa zinthu ziwiri: ngati nkhaniyo iri ndi mpanda, ndiponso ngati chirombo chache chabvala nkhope ya munthu wa m'mudzi.

Filimu yoyenera kuyambira ndi Nosferatu, imene F. W. Murnau anapanga ku Germany m'chaka cha 1922 potsata buku la Dracula la Bram Stoker la m'chaka cha 1897. Iribe mau, koma kufikira lero zikondwerero zotere siziitaya. Mnyamata wina, Hutter, atumidwa ndi bwana wache Knock kumapiri akutali kukagulitsa nyumba kwa mkuru wina dzina lache Orlok. Orlok ameneyu ndi wakufa amene agona m'bokosi la maliro usana, nadzuka usiku kuyamwa magazi a amoyo. Akwera ngalawa pamodzi ndi mabokosi a dothi odzala makoswe, ndipo pofika iye mu mzinda wa Hutter, mliri ufikanso. Potsiriza mkazi wa Hutter, Ellen, adzipereka yekha, namchedwetsa Orlok m'chipinda chache kufikira tambala alira, dzuwa nilimtha.

Luso la Murnau lioneka pa kubisa. Pamene Orlok akwera makwerero kupita kwa Ellen, woonera aona chithunzithunzi chache chokha pakhoma, zala zazitali zikufika pachitseko. Ndipo chithunzithunzi chimenecho chiopsa koposa mafilimu ambiri a masiku ano amene athira magazi pa chinsaru chonse. Koma chigawo cholemera koposa ndi china chimene oonera ambiri achipitirira. Mliri utakula, mabokosi a maliro akudutsa mumseu motsogozana, anthu a mu mzindawo afuna munthu woti amloze chala. Asankha Knock, amene pa nthawiyo wapenga. Amthamangitsa m'makwalala ndi m'minda, ndipo atamsowa agwira chidole choopsezera mbalame nachikhadzulakhadzula. Knock analidi wa mbali ya Orlok, koma sindiye anadza ndi mliri, ndipo kumgwira kwache sikunachiritse munthu ndi mmodzi yemwe. Filimu iyi inapangidwa patangopita zaka zochepa chipitire chimfine cha 1918 chimene chinapha anthu miyandamiyanda pa dziko lonse, ndi ku Nyasaland komwe. Opanga ache anadziwa kuti pa nthawi ya imfa yosadziwika chiyambi chache, khamu la anthu amantha liopsa monga mliri womwe.

Woonera Nosferatu ku Cape Town agona tulo tabwino usiku umenewo chifukwa mantha ache ali mumpanda. Tikiti imene anagula inamuuza kuti ichi nchosewera. Nyengo ya chaka inamuuzanso chimodzimodzi, pakuti Halloween idza kamodzi nipita. Chirombocho chikhala kumapiri kumene iye sadzafikako, chiri ndi mano ndi makutu amene mnansi wache alibe, ndipo chifa iye akupenya. Nyali zikayaka, khomo limene analowera liri pompo. Filimu ina yotchuka ya nyengoyi, Halloween ya John Carpenter ya m'chaka cha 1978, iika wakupha anthu m'makwalala a mudzi wamba wa ku America; komabe imbveka chigoba choyera chopanda maonekedwe, kotero kuti palibe angaturuke m'kanema nanena kuti uja ndi uje wa kuseri kwa msika. Filimu imeneyo iribe phunziro lakuya monga Nosferatu, pakuti wakuphayo alibe chifukwa chimene munthu angachisinkhesinkhe. Ingodzidzimutsa mtima basi. Koma mpanda wache ngwolimba.

Makolo a dziko lino anaudziwa mpanda umenewu kanema asanabadwe. Nthano zambiri za kumudzi nzoopsa ndithu: muli zirombo zomeza mudzi wathunthu, muli mafupa oimba kumanda, muli ana otayidwa m'nkhalango. Koma taonani m'mene nthano imangidwira. Iri ndi nthawi yache, ndiyo madzulo ntchito zitatha, ndipo akuru amaletsa kuisimba usana. Iri ndi khomo lolowera: wosimba ati "Padangotero," omvera nayankha "Tiri tonse." Yankho limeneli libwerezedwa nthano yonse, ndipo ntchito yache si kuonetsa kuti ana ali maso kokha iai, likumbutsa mwana wamantha kuti sali yekha m'nkhalangomo, pakuti anzache ali pambali pache ndipo agogo ali patsogolo pache. Pofika pa malo oopsetsa, wosimba ayamba nyimbo, onse nabvomereza. Mwana amene akuimba ndi anzache sangagwidwe nthumanzi monga mwana wokhala chete mumdima. Iri ndi khomo loturukira: m'madera ambiri wosimba atsiriza ndi kutuma ana kuti akaphule mbatata pamoto, iwo nayankha kuti yapserera, ndipo ndi kuseka kumeneko onse abwerera pabwalo pao.

Chitsanzo ndi nthano yodziwika m'maiko onse a kuno, ya namwali amene anakana anyamata onse a m'mudzi mwao, nalola mlendo wokongola wosadziwika kwao. Popita ku ukwati, mlongo wache wamng'ono, amene onse anamnyoza, awatsata. Usiku mnyamatayo akhala maso, naona mlamu wache ndi abale ache akusanduka afisi ndi kupangana za tsiku lodya mkwatibwi. Ndipo ndi nzeru zache apulumutsa mlongo wache. Nthano iyi iopsa, pakuti ikhudza chinthu chenicheni, ndicho kupita kwa mwana wamkazi kwa anthu osawadziwa. Komabe mudzi wache ulibe dzina, chirombo chache ndi fisi, cholakwa chiri pa kunyada kwa namwali mwini, ndipo mpulumutsi ndi mwana wonyozeka. Womvera aturukamo akudziyesa yekha. Palibe nyumba m'mudzi imene angapiteko m'mawa ndi mwala m'manja.

Zinthu zinasintha pamene mafilimu a ku Nigeria anafika pa matepi ndi pa zimbale, nadzaza timanyumba ta kanema m'misika ya dziko lino. Anthu anawakonda pa chifukwa chomveka: anaonamo anthu akuda anzao, nyumba zonga zao, apongozi, asing'anga, abusa, ndi mabvuto a ndalama onga ao omwe. Mafilimu amenewa sali onse a mtundu umodzi, ndipo wosanthula ayenera kuwalekanitsa. Living in Bondage, ya m'chaka cha 1992, imene Kenneth Nnebue anaipanga m'chinenero cha Igbo, isimba za Andy, mwamuna wotopa ndi umphawi amene alowa gulu la okhwima, napereka mkazi wache Merit nsembe kuti alemere. Chuma chidzadi, koma mzukwa wa Merit umtsata paliponse kufikira apenga, nayamba kutola zakudya kudzala. Potsiriza apulumuka ataulula tchimo lache pakati pa opemphera. Filimu iyi, ngakhale zithunzi zache nzosakongola ndipo ichedwa pa zokamba, iri pafupi ndi nthano. Choipa chiri mumtima mwa Andy mwini, woonera achiona chikukula kuyambira pa kusirira anzache, ndipo funso limene atsala nalo ndi lakuti, kodi munthu angagulitse chiani kuti apeze chuma?

End of the Wicked, ya m'chaka cha 1999, yochokera ku mpingo wa mlaliki Helen Ukpabio, iyenda njira ina. M'menemo mabvuto a banja achokera kwa mai wache wa mwamuna, amene ali mfiti, ndipo ana aang'ono aoneka akuitanidwa usiku ali m'tulo kupita kumsonkhano wa afiti, kumene adya nyama ya munthu ndi kulandira malamulo osautsa makolo ao. Anthu ambiri oteteza ana anaidzudzula filimu imeneyi, makamaka zitamveka m'zaka za m'ma 2000 kuti m'chigawo cha Akwa Ibom ana ambiri anapitikitsidwa m'nyumba ndi kuzunzidwa powanenera ufiti. Kulakwa kwache monga nkhani kuli poyera. Iribe "Padangotero," pakuti idza ngati chiphunzitso cha zinthu zoona. Chirombo chache chiribe mano atali kapena chigoba. Ndi nkhalamba yobvala chirundu ndi mwana wogona pamphasa. Ndipo iribe khomo loturukira, pakuti mwana woonera akabwerera kwao apeza agogo ali pakhonde ndi mng'ono wache ali pamphasa, monga momwe anaonera pa chinsaru.

Malo oonerawo aonjeza bvutoli. M'kanyumba ka pa msika mulibe wofunsa zaka za mwana pakhomo. Mwana alowa filimu iri pakati, naturuka isanathe chifukwa amtuma kuchigayo, kotero kuti atenga chigawo choopsa nasiya chigawo chomasula. Filimu ya nkhondo, ya mpira ndi ya ufiti zitsatana pa chinsaru chimodzimodzi chimene chionetsanso nkhani za boma, ndipo mwana wa zaka 8 alibe chomuuza kuti mpirawo unachitikadi koma mfiti youluka ija inapangidwa ndi makina.

Pakati pa mwezi wa September 2017 mbiri inabuka ku Mulanje yakuti anamapopa akulowa m'nyumba usiku kupopa anthu magazi. Inafalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Nsanje, nifika ku Blantyre m'mwezi wa October. Anthu analeka kugona m'nyumba, anyamata anatseka miseu ndi kusecha magalimoto, ndipo alendo, oyenda usiku ndi onyamula zikwama zosadziwika anagwidwa. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi makamu a anthu. Mmodzi wa ophedwa ku Blantyre anali wodwala khunyu. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ache ku Mulanje ndi ku Phalombe, antchito a zaumoyo anaopa kulowa m'midzi ndi zipangizo zao, boma linaletsa kuyenda usiku m'madera ena, apolisi anamanga anthu oposa 100, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anayendera maboma okhudzidwawo kukalankhula ndi anthu. Madokotala sanapeze munthu ndi mmodzi yemwe amene anapopedwadi magazi. Makolo anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti asungidwe bwino pakuti sakhalitsa. Koma m'masabata amenewo kukhala mlendo kunali mlandu wa imfa.

Kungakhale kunama kunena kuti mafilimu ndiwo anabala mbiri imeneyi. Mbiriyo njakale koposa kanema wa pa msika. Ku Northern Rhodesia, m'masiku a atsamunda, anthu anaopa otchedwa banyama, amene ankati agwira anthu kuti Azungu awachotse magazi. Pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, kuyambira 1968 kufikira 1970, kunamveka kuti magazi a ophedwawo akupita ku South Africa. Kumapeto kwa 2002, chaka cha njala, mbiri ya opopa magazi inabukanso kumwera, ndipo mu January 2003 khamu linagenda Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cholamula mu mzinda wa Blantyre, pomnenera kuti asunga opopa magazi. Mbiri yotere imera pamene pali njala, umphawi, ndi kukayika kuti olemera ndi olamula alemera ndi thukuta la yani. Kanema sanadzale mbeu imeneyi. Chimene kanema woipa achita ndi kuithirira: azoloweretsa maso kuona mnansi ngati chirombo, naphunzitsa kuti mathero oyenera a nkhani ndi kugwidwa kwa munthu wina.

Pano pali ntchito ya wophunzira chinenero. Manyuzipepala a kunja polemba za Mulanje anamasulira anamapopa ndi liu lao lakuti vampire, ndilo dzina la zirombo zonga Orlok ndi Dracula, ndipo owerenga ao anaseka poganiza kuti anthu a kuno aopa za m'kanema. Kumasulira kumeneko nkolakwa. Vampire ndi wakufa woturuka m'manda, amene aluma ndi mano kuti akhute yekha. Namapopa, monga anthu anamsimbira, ndi munthu wamoyo, wokhala ndi zipangizo ndi mankhwala ogonetsa, wotumidwa ndi ena, wogulitsa magazi kuti apeze ndalama. Woyambayo sangapezeke pamseu. Wachiwiriyo afanana ndi aliyense wonyamula chikwama. Chomwechonso Chichewa chilekanitsa mzimu, ndiye kholo lakufa loyenera ulemu ndi nsembe. Mzukwa, ndiye wakufa woonekera kwa amoyo. Chiwanda, ndiwo mzimu woipa wosautsa. Ndondocha, ndiye munthu amene ati anaphedwa m'matsenga kuti agwirire ntchito mwini wache. Ndi mfiti, amene ali munthu wamoyo wokhala m'mudzi. Achinyamata amene amasulira mafilimu akunja m'Chichewa, polankhula pamwamba pa mau a eni ache, kawirikawiri asakaniza maina amenewa, natcha chirombo chiri chonse mfiti. Pakutero achotsa chirombo kumanda ndi kumapiri akutali, nachikhazika pakhonde la nkhalamba. Mwa maina onsewa, awiri okha ndiwo angaphetse munthu, mfiti ndi namapopa, chifukwa ndiwo okha aloza amoyo.

M'mwezi womwewo wa October 2017, pamene Mulanje anali kugona panja, ku Britain kunayamba kuonetsedwa filimu ya I Am Not a Witch, ya Rungano Nyoni, mkazi wobadwira ku Lusaka nakulira ku Wales. Mbali ina ya zokamba zache iri m'Chinyanja, kotero ophunzira a kuno adzaimva bwino. Mai wina agwa ndi ndowa ya madzi poona kamtsikana kachilendo kataima panjira. Kamtsikanako, kamene pambuyo pache katchedwa Shula, katengedwa kupolisi, mboni zinenapo maloto ao, ndipo popeza iko sikayankha kanthu, mlandu ukagwera. Akapereka ku msasa wa akazi okalamba onenedwa ufiti, kumene aliyense amangidwa kansaru koyera kakatali kumsana kuti angauluke, nakauza kuti kakadula kansaruko kadzasanduka mbuzi. Mkuru wina wa boma, Bambo Banda, ayenda nako m'milandu kuti kaloze akuba, nalandira mphatso. Alendo odzaona dziko akajambula ngati nyama ya kumalo osungira nyama. Filimuyi inalandira mphotho ya BAFTA m'chaka cha 2018.

M'filimu imeneyi mulibe mzukwa, mulibe magazi, ndipo malo ambiri iseketsa. Komabe iopsa koposa onse atchulidwa pano. Nyoni atembenuza kamera. Mafilimu a ufiti aimika woonera pakati pa khamu kuti apenye mfiti. Iye amuimika pambali pa mwana wonenedwayo kuti apenye khamu. Kukhala chete kwa Shula, amene Maggie Mulubwa anamsewera ali mwana ndithu, kuchititsa kuti mau onse a akuru amveke kupusa kwao ndi dyera lao. Chirema chache cha filimuyi nchakuti nthabwala zina zapangidwira maso a anthu akunja, ndipo anthu a m'mudzi aoneka opepera koposa m'mene anthu amantha akhalira. Pakuti munthu wonenera mnzache ufiti kawirikawiri ndi wofedwa amene mtima ukumpweteka, ndipo filimu ikadaonetsa chisoni chimenecho ikadalasa mozama. Mathero achenso ngobisika, kotero ana sangawamve popanda wowamasulira. Koma chimene Murnau anachionetsa m'kamphindi ndi chidole chokhadzulidwa chija, Nyoni achionetsa filimu yonse.

Tsono mphunzitsi achite chiani? Kuletsa ana kuonera sikutheka, pakuti msika suli m'manja mwache. Kunyoza zikhulupiriro za makolo ao pamaso pao nkosathandiza. Mwana adzangotseka pakamwa m'kalasi, nakhulupirirabe kunyumba. Chimene mphunzitsi angathe ndi kumangira ana mpanda umene kanema wa pa msika alibe. Mwana akadza Lolemba ndi nkhani ya filimu imene anaona, mphunzitsi amlole aisimbe pa phunziro la Chichewa, kenaka kalasi lonse liyankhe mafunso atatu. Anapanga nkhani iyi ndani, ndipo anati ndi nthano kapena zoona? Chirombo chache chifanana ndi yani, ndipo munthu wofanana nacho m'mudzi muno angamve bwanji? Nkhani itatha, womvera afuna kukonza khalidwe lache, kapena afuna kukagwira munthu wina? Mafunso omwewa ayesedwe pa nthano ya namwali ndi fisi, kuti ana aone okha kusiyana kwache.

Aonetsenso ana m'mene chinyengo cha kanema chipangidwira. Kanema ndi zithunzi zoima zimene zithamanga 24 pa sekondi imodzi, diso nilinyengedwa kuti zikuyenda. Mwana aliyense akhoza kujambula kamunthu pa ngondya ya masamba a kope lakale, kusuntha mkono pang'ono tsamba liri lonse, ndipo popfukula masambawo ndi chala adzaona kamunthuko kakubvina. Ndi tochi ndi manja, m'kalasi lotseka mazenera, ana apange okha chithunzithunzi cha zala zazitali pakhoma. Auzidwe kuti osewerawo ndi anthu a ntchito: Max Schreck, amene anali Orlok, anasewerabe m'mafilimu ena kufikira imfa yache m'chaka cha 1936, ndipo Kenneth Okonkwo, amene anali Andy wopenga uja, anadzakhala loya ndi wandale. Kalasi la akuru pang'ono liyese kusandutsa filimu kukhala nthano: lichotse maina a malo, lipatse chirombo thupi la nyama, liike "Tiri tonse" ndi nyimbo yopeka okha, nilipeze mathero amene onse angaturukire pamodzi. Ndipo adziwe kuti lamulo la m'chaka cha 1911 linaletsa kutchula munthu mfiti ndi kumwetsa mwabvi, ndi kuti ku Neno mu January 2016 nkhalamba zinai zinaphedwa chifukwa mphenzi inapha mtsikana wa m'mudzi mwao.

Anthu a misinkhu yonse akonda kuopsedwa pang'ono, ndipo palibe choipa pamenepo. Mwana amene anaphunzira kupirira fisi wa m'nthano ali pakati pa anzache wayamba kuphunzira kuugwira mtima. Anthu a ku Cape Town alipira ndalama kuti apeze chimene ana a kuno akhala akuchilandira kwaulere pamoto wa agogo ao. Koma mwa anyamata amene anaima pa miseu ya Mulanje ndi zibonga m'chaka cha 2017, ambiri anali atakhalapo pa benchi la sukulu zaka zochepa m'mbuyomo, ndipo ana amene ali m'kalasi tsopano adzakhala akuru mbiriyo ikadzabweranso. Mtengo auongola ukali waung'ono. Mphunzitsi wa Chichewa ali ndi ana amenewo masiku asanu pa sabata, ndipo nthano iri kale pa ndandanda wa maphunziro ache.